Msewu Wozungulira wa ku Utsiwatha

Mu Ufumu wa Mawatichita munali katawuni kotchedwa Utsiwatha. Dzinali silinali la makolo ayi. Kale pamalopo ankangoti pa Bulangete, chifukwa panali fakitale yoluka mabulangete imene inkafunditsa ufumu wonse, kuyambira mfumu mpaka akaidi. Wezulo wa fakitale akalira m'mawa anthu ankatuluka m'nyumba ngati ngumbi, ndipo sitima inkabwera kawiri pa sabata kudzatenga katundu. Kenaka eni fakitale anapita kwawo, ati kukagula makina atsopano, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinadutsa asanawapeze. Chumuni inatsala chilili, akadzidzi n'kukhazikika m'kati mwake. Njanji nayo anthu anaizula pang'onopang'ono n'kusulitsa makasu.

Delifa Nangozo anagwira ntchito m'fakitalemo zaka khumi ndi chimodzi, akusoka m'mphepete mwa mabulangete. Itatsekedwa anapeza ntchito ku ofesi ya khonsolo: kusesa, kupukuta mawindo ndi kuphika tiyi. Amuna ake, a Kachiwanda, amene kale ankasonkhezera moto wa fakitale yonse, tsopano ankapalasa kabaza. Nyumba yawo inali ya m'layini ya fakitale, ya njerwa zootcha, zipinda ziwiri ndi khonde. Ndi chinthu chokhacho chimene fakitale inawasiyira, kupatula chifuwa cha a Kachiwanda.

Za mayendedwe m'tawunimo zinali zosavuta. Munali njinga za kabaza makumi atatu, ngolo imodzi ya abulu, ndi minibasi imodzi yolembedwa kumbuyo kuti Bola Kufika. Wina aliyense ankayenda pansi, podutsa paliponse pamene phazi lakonda.

Chaka china Mfumu Sindilakwa Yachitatu inapita kunja kukaonetsa bondo kwa madokotala, ndipo inabwerako ndi bondo lomwelo koma ndi maganizo atsopano. Inalamula kuti tawuni iliyonse mu ufumuwo ikhale ndi pulani. Ku Utsiwatha inatumizako Nduna ya Mizere ndi Ngodya, a Gwedeza, munthu wamfupi wovala jekete ngakhale mu Okutobala, amene anafika ndi mapu aakulu ngati mkeka. Anawayala pathebulo la khonsolo, ndipo Lolemba lotsatira mfumu inabwera yokha kudzawaona.

Mfumu inawerama pamapupo nthawi yaitali, makhansala ataima chete m'mbali mwa khoma. Anthu ankati ikusinkhasinkha zakuya, koma kunena zoona inkafufuza kumene kunali kumutu kwa pepalalo. Italephera inaweramuka, n'kugogoda pakati ndi chala.

"Apa pakusowa kanthu," inatero. "Kodi chakudya chili kuti?"

Onse anatuluka pambuyo pake kupita kuphwando. Nthawi yomweyo n'kuti Nangozo akulowa pakhomo lakumbuyo ndi tiyi wa mfumu, amene anachedwa chifukwa nkhuni zinali zaziwisi. Anapeza m'chipindamo muli zii. Anali ataimirira kuyambira m'mawa, miyendo ikuwawa, ndipo tiyi anali wamkaka, wa shuga masupuni anayi monga analamulira. Anayang'ana kuchitseko, n'kukhala pampando wa nduna. Anapsontha kamodzi, anapsonthanso, kenaka anaona kuti kapu yafika kale pakati ndipo kubwerera sikukanathandiza. Atamaliza anaikhazika pathebulo kuti asisite mapazi. Posakhalitsa anamva nsapato zikubwera. Anatsomphola kapu ija n'kutulukira kumene analowera.

Pamapu panatsala mkombero wofiirira, wozungulira bwinobwino, ndi timadontho tiwiri pambali pake.

Amene anauona koyamba ndi a Gwedeza. Anatumiza uthenga kuphwando kuti mfumu ikangonyamuka makhansala onse abwerere. Atasonkhana, Nangozo anaitanidwa kuti abweretse tiyi, ndipo anaima pafupi ndi chitseko ndi ketulo m'manja, akumva zonse.

"Womaliza kuima pamapu awa ndani?" anafunsa a Gwedeza.

"Mwinidziko," anayankha makhansala.

"Anati chiyani?"

"Anati pakusowa kanthu."

"Kanthuko ndi aka," anatero a Gwedeza, n'kuvula chipewa.

Mtsutso unatenga maola atatu. Khansala wina anati ndi bwalo la mpira. Wina anati ndi damu, poona mtundu wake. Khansala wa ku Layini Yachiwiri, amene kale anali mphunzitsi, anati iye chizindikiro chotere amachidziwa: ndi ziro, mfumu yawachongera ntchito yawo. Pamenepo m'chipindamo munazizira, ndipo onse anagwirizana msanga ndi a Gwedeza kuti ndi msewu wozungulira, wonga umene mfumu inaona kunja. Timadontho tiwiri tija tinakhala masiteji a basi. Kuti mzere wachifumu usafufutike, a Gwedeza anatenga cholembera chofiira n'kudutsitsa pamwamba pake, kuzungulira konse.

Khansala wina ananunkhiza mapuwo n'kunena kuti akumveka kafungo ka mkaka.

"Ndi fungo la chitukuko," anatero a Gwedeza. "Mayi, tithirireni."

Nangozo anathira, theka m'makapu theka pansi.

M'mawa mwake lamulo linawerengedwa pamsika. Msewuwo udzatchedwa Mkombero wa Mfumu Sindilakwa. Udzazungulira tawuni mtunda wa makilomita atatu. Chilichonse choyenda, kaya cha matayala, cha ziboda kapena cha mapazi, chizilowera mbali imodzi, kumanzere, ndipo kudutsa chidule n'kunyoza mfumu. Popeza msewu weniweniwo unali usanalambulidwe, anthu ayambiretu kutsata mzere wa laimu kuti azolowere.

Anthu a ku Utsiwatha anamvetsera mwaulemu, n'kuupatsa msewuwo dzina lawolawo lakuti Chizungulire.

"Siteji ina ati ili kuti?" anafunsa Nasimango, mnzake wa Nangozo wogulitsa tomato.

"Kumanda," anayankha wogulitsa makala.

"Apo ndiye aganiza bwino. Ndi pokhapo pamene aliyense wa ife adzatsikedi."

Pofika Lachitatu tawuni yonse inali ikuzungulira. Munthu wofuna kukapempha moto kwa mnansi wa kudzanja lamanja ankayenda makilomita atatu, n'kufika khala litazima panjira yobwerera. A Kachiwanda ananyamula mayi wina wopita kuchigayo chimene chinkaonekera pamene anakwererapo, ndipo atafika naye anatsika akufunsa ngati ali m'tawuni yomweyo. Abulu okha ndiwo anakana lamulo, ndipo mwini ngolo anaitanidwa kukhonsolo kuti akawalankhulire.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anthu othira laimu anafika pakhomo pa Nangozo. Kapitawo wawo anayang'ana pepala, anayang'ana nyumba, n'kupempha odi. Mzere unakwera pakhonde, unalowa pachitseko, unadutsa pakati pa bedi, n'kutulukira kukhitchini.

"Lachisanu tigwetsa," anatero kapitawo. "Koma muli ndi mwayi, mayi. Ena msewu ukungowadutsa pambali."

Atachoka, Nangozo anakhala pakhonde. Nyumbayo ndi imene anaberekeramo ana ake atatu. Pakhoma panali pakadali misomali imene ankakolekapo yunifolomu ya fakitale. A Kachiwanda anafika akukankha njinga, miyendo ikunjenjemera ndi kuzungulira kwa tsiku lonse, n'kuima akuyang'ana laimu pabulangete.

"Bambo a Lonjezo, khalani pansi," anatero Nangozo. "Msewu uwu ndinajambula ndine."

Anawafotokozera zonse, kuyambira nkhuni zaziwisi mpaka nsapato. A Kachiwanda anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anatsokomola, anasekanso. Kenaka anayang'ananso bedi lija ndipo kuseka kunatha.

"Tiyiyo munamwa yense?"

"Yense."

"Wa mfumu?"

"Ndati yense."

"Ndiye musauze munthu, mayi a Lonjezo. Nyumba tikhoza kumanga ya zidina. Koma womwa tiyi wa mfumu sindidziwa kumene amamupititsa, chifukwa sanabwereko n'kamodzi komwe kuti atiuze."

Nangozo anatenga tsache n'kusesa laimu wa m'nyumba, koma anasiya wa pakhonde kuopa milandu iwiri.

Kutacha anakafika ku ofesi anthu ena asanabwere, ndipo anapeza a Gwedeza akuyeserera zokalankhula pamaso pa kalilole, chifukwa masana a tsiku limenelo mfumu inali kubwera kudzakumba khasu loyamba. Anagwada pafupi ndi thebulo, n'kutulutsa kapu ija m'chitenje.

"Bwana, mkombero uja ndi thako la kapu iyi."

A Gwedeza anatseka chitseko. Anatenga kapu n'kuikhazika pamzere wofiira. Inakwana ndendende, ngati chivundikiro pa mphika wake. Anaichotsa msanga ngati yatentha.

"Mayi, inu munaphunzira za mapulani?"

"Ayi, bwana."

"Ine ndinaphunzira zaka zinayi. Ndikukuuzani kuti kapu siingaganize chinthu chanzeru chonchi. Ndalembera kale kulikulu makalata asanu ndi awiri. Ana asukulu apeka nyimbo. Mfumu nayo ndaiuza kuti inajambula, ndipo yakumbukira. Tsono mukufuna ndikaiuze kuti yakumbukira zolakwika?"

"Koma nyumba yanga, bwana."

"Nyumba yanu idzalowa m'mbiri. Bisani chinthuchi, ndipo ine ndi inu sitinaonane."

Nangozo anabwerera kunyumba, osatsata laimu, ndipo sanasamale amene anamuona. Anakhala pakhonde ndi kapu m'manja. Inali kapu yoyera ya dongo lakunja, ya mzere wagolide pakamwa, yokhayo yabwino imene khonsolo inali nayo. Anaitembenuza, n'kuyang'ana pansi pake nthawi yaitali. Kenaka anaigogoda pamwala wa pakhonde, pang'ono, ngati akuswa dzira. Kachidutswa konga chikhadabo kanathothoka m'mphepete mwa thako lake.

Mwambo unachitikira patsinde pa chumuni. Mfumu inakhala pampando waukulu, mapu atayalidwa pathebulo patsogolo pake. Ana asukulu anaimba nyimbo ya mkombero, imene inalibe pothera mpaka mphunzitsi anachita kuwaletsa. Kenaka mfumu inaimirira.

"Anthu anga," inatero, "makolo athu ankayenda molunjika, ndipo taonani kumene anafika: anafa onse. Ine ndinalota mkombero. Munthu woyenda mumkombero sasochera, sachedwa kubwerera kwawo, ndipo sapita ku maufumu ena kukatinena. Mizinda yakunja ili ndi misewu yozungulira m'kati mwa tawuni. Ife taika tawuni m'kati mwa msewu wozungulira. Atiphunzire."

Anthu anaomba m'manja monga mwa mwambo. Itakhala pansi inaitanitsa tiyi, ndipo Nangozo anabwera naye pathireyi. A Gwedeza ataona kapu imene inali pamenepo anayamba kutuluka thukuta mpaka m'makutu. Nangozo anagwada, koma m'malo mopereka tiyi anayamba kulankhula.

"Mwinidziko, ndili ndi mlandu. Tsiku lija munabwera, tiyi wanu anachedwa. Ndinakhazika kapu iyi pamapu, ndipo mkombero uja unatsala pamenepo."

Pabwalo panagwa bata, moti kadzidzi anamveka akusuntha m'chumuni. Kumbuyo kwa gulu a Kachiwanda anatembenuza njinga kuloza njira ya kuthengo, kuti mwina ifunika.

Mfumu Sindilakwa inayang'ana kapu, inayang'ana mapu, inayang'ana anthu amene inali itangowauza za maloto. M'banja lawo munali musanabadwe wolakwa, ndipo sinkafuna kukhala woyamba.

"Tiyiyo anali wa yani?" inafunsa.

"Wanu, Mwinidziko."

"Kapu?"

"Yanu."

"Mapu?"

"Anu."

"Nanga mzere ungakhale wa yani?"

"Wanu, Mwinidziko," analowerera a Gwedeza, mawu atawabwerera.

"Mwamva," inatero mfumu. "Mfumu sijambula ndi dzanja ngati kalaliki. Imaganiza, ndipo ziwiya zake zimagwira ntchito. Koma tandiuza, mayi. Tiyiyo anapita kuti? Ine sindinamwe."

"Ndinalawa, Mwinidziko, kuopa adani anu."

"Unalawa yense?"

"Poizoni amakhala pansi, Mwinidziko."

Mfumu inagwedeza mutu, n'kuuza mlembi kuti alembe mawu amenewo.

"Koma chimene chandivuta mumtima ndi china," anapitiriza Nangozo. "Kapu yanuyi ndi yobenthuka pansi. Mkombero umene munaganiza unali ndi mpata. Pano ndikuona mpatawo palibe."

Anakhuthulira tiyi m'ketulo, n'kuonetsa pobenthuka paja. Kenaka anakhazika kapu pamzere wofiira, n'kuizunguza pang'onopang'ono, ngati akukumbukira mmene inakhalira, mpaka pobenthukapo panafika pa kabokosi kachitatu m'layini ya fakitale, kamene pamapupo kanali nyumba yake.

Mfumu inatembenukira kwa nduna yake. "Gwedeza, cholembera chofiirachi ndi cha yani?"

A Gwedeza anatsegula pakamwa. Akanati mpata panalibe, akanakhala akutsutsa kapu ya mfumu pamaso pa anthu. Akanati unalipo, ndiye kuti anautseka okha. Anasankha mlandu umene unkaoneka wofupikirapo.

"Dzanja linaterereka, Mwinidziko."

"Unawonjezera pa maganizo anga?"

"Pang'ono pokha, Mwinidziko. Mwa chikondi."

"Mpata ubwerere pamalo pake. Mkombero wopanda mpata mpweya ungalowere pati? Nkhuku nayo imasiyira khomo chitatanga chake. Zimenezi ndinaziganizira kale." Inaima kaye, chifukwa maganizo ena anali akubwera. "Ndipo popeza kapu iyi yamva maganizo anga bwino kuposa nduna, kuyambira lero ndi Mlangizi Wamkulu wa Mapulani a Matawuni. Mayi uyu aziinyamula. Gwedeza, iwe uzinyamula ketulo."

Khasu loyamba linakumbidwa, ndipo msewu unalambulidwa m'milungu isanu ndi umodzi. Unadula msika pakati, unatenga chimbudzi cha tchalitchi ndi theka la bwalo la sukulu, n'kudzathera pakhonde pa Nangozo. Kuseri kwa khitchini unayambiranso. Popeza lamulo loletsa chidule linali likadalipo, makhansala anakhala masiku awiri kukambirana mmene anthu azidutsira pampatapo, ndipo anagamula kuti aliyense azitsika, kupempha odi, n'kudutsa pabwalo la nyumbayo wapansi, mwaulemu, poganizira nzeru za mfumu.

Motero tawuni yonse inayamba kudutsa pakhomo pa Nangozo. A kabaza ankatsitsa makasitomala n'kukankha njinga. Bola Kufika inkatsitsa anthu onse, iwo n'kuikankha kudutsa pakati pa mtengo wa mapapaya ndi khola la nkhuku, n'kukakweranso kuseri. A Kachiwanda poyamba ankayankha odi aliyense, koma pofika tsiku lachitatu mawu anawathera, ndipo anakhoma chikwangwani pamtengo cholembedwa kuti Lowani, Tamva.

Popeza aliyense ankaima pamenepo, ogulitsa malonda anayamba kubwera mmodzimmodzi. Anayamba wa mandasi, kenaka wokonza njinga, kenaka ometa tsitsi. Pasanathe mwezi msika wonse unali utasamukira pampatapo, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsekereni fakitale, ku Utsiwatha kunapezeka malo amene munthu akanaima n'kudziwa kuti chokwera chibwera. Masiteji awiri a khonsolo aja, ndi madenga awo atsopano, ankagonamo mbuzi. A Gwedeza analembera kulikulu kuti mpatawo wayenda monga mwa pulani.

Nasimango anayala tomato wake pansi pa zenera la chipinda chogona cha mnzake. Benchi yake yakale inali itapita ndi msewu, ndipo masiku oyamba sankalankhula kwambiri. Tsiku lina Nangozo anamubweretsera madzi akumwa, ndipo Nasimango anamwa akumuyang'ana m'mbali.

"Kapu ija ndinkaiona pa maphwando a khonsolo zaka zonsezi," anatero. "Sindinaionepo yobenthuka."

"Zinthu zimakalamba, anzanga."

"Zimakalambadi. Koma mukanaikalambitsa pawiri, ndi pamsika pomwe."

Nangozo anakhala pansi pambali pake n'kumuthandiza kuunjika tomato, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Kumayambiriro kwa dzinja kalata inafika kuchokera kulikulu. Mlangizi Wamkulu akuyembekezeka mwezi wamawa ku Njanjiyadzimbiri, tawuni yoyandikana nayo imene kale inkapanga sopo, kuti akaikonzere pulani. Mapu ayalidwa kale. Nangozo anawerenga kalatayo kawiri. Ankaganiza za nyumba za anthu amene sankawadziwa n'komwe, ndi mabedi awo.

Loweruka lotsatira, chakumasana, amayi anayi achilendo anafika wapansi, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anazungulira Chizungulire yense monga mwa lamulo, anapempha odi ngakhale chikwangwani anachiona, n'kukhala pamphasa. Anati achokera ku Njanjiyadzimbiri, anyamuka kusanache. Atapatsana moni, wamkulu mwa iwo anamasula mfundo ya chitenje chake mosamala, n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala. Anakapereka ndi manja awiri.

Nangozo anafunyulula. Inali sosala yoyera, yotakata bwino, kambale kokhazikapo kapu kuti tiyi asadonthere pathebulo.

"Tasonkhana amayi a malayini onse," anatero mlendoyo. "Sitikupempha zambiri, mayi. Mukafika kwathu, pokhazika a Mlangizi pamapu, muyambe mwayala kameneka."

Nangozo anaitembenuza, anaipenda kudzuwa, n'kuyendetsa chala pansi pake kuona ngati pali pouma bwino. Kenaka analowa m'nyumba n'kuiika m'chikwama cha ulendo, pansi pa chitenje chake chatsopano, ndipo anatuma a Kachiwanda kuti akagwire nkhuku ya alendo.